Mbiri ya Dona Florence Nightingale, Mayi wa Anamwino

Ambiri a ife tinagonapo m'chipatala, kapena tinakhalako masiku tilikudwazika m'bale wathu. Tinaona namwino alikutsegula mazenera m'mamawa, nasintha nsalu za pakama, nasamba m'manja asanakhudze chilonda, nalemba papepala kutentha kwa thupi la wodwala. Tinaonanso kuti pali namwino wamkulu amene anzake amuopa, ndi kuti iye akapeza chipinda chosasesa kapena wodwala wosasambitsidwa, mlandu ulipo. Zinthu izi tazizolowera, kotero kuti tiyesa zinali chomwecho chiyambire. Koma iyayi. Panali nthawi imene munthu wolowa m'chipatala anali pafupi ndi manda koposa mnzake wotsala kunyumba. Mwezi uno tifuna kukusimbirani za mkazi amene anagwira ntchito zaka zoposa 50 kuti zimenezi zisinthike.

Dzina lake ndiye Florence Nightingale. Anabadwa pa 12 May 1820 m'mudzi waukulu wa Florence ku Italy, makolo ake ali paulendo, ndipo anamutcha dzina la mudzi womwewo. Iwo anali Angelezi olemera, eni nyumba ziwiri zazikulu, ina ku Lea Hurst, ina ku Embley, ndi antchito ambiri. Atate ake, William Nightingale, analibe mwana wamwamuna. Chomwecho anaphunzitsa okha ana awo aakazi awiri, Parthenope ndi Florence, Chigriki, Chilatini, Chifalansa, Chijeremani ndi mbiri ya maiko. Florence anakonda masamu koposa, angakhale amake sanaone phindu la masamu kwa mwana wamkazi. Musaiwale masamuwo, pakuti tidzakomana nawo kutsogolo.

Pa 7 February 1837, asanakwanitse zaka 17, Florence anamva mumtima mwake kuti Mulungu alikumuitana kuti amtumikire. Koma ntchito yeniyeni sanaidziwe msanga. Anayamba kuyendera odwala m'nyumba za amphawi pafupi ndi kwawo, ndipo pomwepo anazindikira kuti chifundo chokha sichikwanira, pakuti munthu angathe kukonda wodwala ndi mtima wonse, namupweteka chifukwa cha kusadziwa. M'chaka cha 1845 anapempha makolo ake kuti amlole akaphunzire miyezi itatu m'chipatala cha ku Salisbury. M'nyumba munabuka phokoso lalikulu, ndipo amake ndi mkulu wake anakana kwamtuwagalu. Tisafulumire kuwatsutsa. Masiku amenewo anamwino a m'zipatala za ku England anali akazi osaphunzira, olembedwa ntchito monga alembera wokolopa, ndi malipiro ochepa. Ambiri anali ndi mbiri ya kuledzera, ndipo ena analikugona m'zipinda za odwala aamuna popeza panalibe malo ena. Ndi kholo lanji likadalola mwana wake wamkazi kulowa m'gulu lotere?

Florence anatonthola, koma sanaleke. Analikudzuka mbandakucha, nawerenga mabuku a Boma onena za zipatala ndi za imfa za anthu m'midzi yaikulu. Mwamuna wina womveka, Richard Monckton Milnes, anamfunsira ukwati zaka zambiri. Ndipo angakhale anamkonda, anamkana m'chaka cha 1849, poona kuti ukwati udzatseka njira ya maitanidwe ake. M'chaka cha 1851, ali ndi zaka 31, anapita ku Kaiserswerth ku Germany, kumene Mbusa Theodor Fliedner anasonkhanitsa akazi achikhristu otumikira odwala, ana amasiye ndi akazi otuluka m'ndende, nakhala nawo miyezi itatu. Potsiriza m'chaka cha 1853 atate ake anagonja, namupatsa mapaundi 500 chaka ndi chaka kuti adziyang'anire yekha. Pamenepo anakhala woyang'anira kachipatala ka akazi mu Harley Street ku London. Analowetsamo mipope ya madzi otentha, ndi mabelu oitanira namwino, ndi chokwezera chakudya ku zipinda zapamwamba, kuti anamwino asathere mphamvu pa makwerero. Eni nyumbayo anafuna kulandira odwala a mpingo wa England okha, koma iye analimbikira kufikira analola a mipingo ina.

M'chaka cha 1854 Angelezi ndi Afalansa analowa nkhondo kuthandiza dziko la Turkey polimbana ndi Russia, ndipo nkhondoyo inamenyedwa m'dziko lotchedwa Crimea. Itatha nkhondo ya pa mtsinje wa Alma mwezi wa September, nyuzipepala ya The Times inaulula kuti asilikali olasidwa alikufa opanda wowasamala, opanda ngakhale nsalu zomangira zilonda. Anthu ku England anapsa mtima. Tsono Sidney Herbert, nduna ya zankhondo, amene anamdziwa Florence kale, anamlembera kalata kumpempha atsogolere gulu la anamwino. Pa 21 October ananyamuka ndi akazi 38, ena masisitere achikatolika, ena masisitere a mpingo wa England, ena anamwino a m'zipatala, ndipo pa 4 November anafika ku Scutari, tsidya la madzi kuyang'anana ndi Constantinople, umene lero autcha Istanbul.

Chimene anachitcha chipatala chinali nyumba yaikulu yakale ya asilikali a ku Turkey. Odwala analikudza m'zombo, ulendo wa mamailosi ngati 300 kuoloka nyanja ya Black Sea, ndipo ambiri anafera m'njira. Otsalawo anawagoneka m'mizere yaitali, ena pansi, atavalabe malaya a magazi amene analasidwa nawo. Munali makoswe, nsabwe ndi utitiri. Zimbudzi zinatsekeka, zonyansa zinasefukira pansi, ndi amuna odwala kamwazi analikupondamo opanda nsapato. Koma madotolo a asilikali sanakondwere kuona akazi m'malo mwawo, ndipo sanawaitane. Apa Dona Nightingale anachita chinthu chimene anamwino ake anang'ung'udza nacho: anawaletsa kukhudza wodwala aliyense dotolo asanapemphe. Anakhala masiku alikusoka mapilo ndi kukonza nsalu, alikumva kubuula kwa amuna kuseri kwa khoma. Iye anadziwa kuti akalowa mwamakani adzabwezedwa kwawo onse, ndipo khomo lidzatsekeka kwa anamwino zaka zambiri. Sipanapite nthawi, olasidwa a nkhondo ya ku Inkerman anafika mazanamazana, ndipo madotolo, atathedwa nzeru, anawaitana okha.

Chinthu choyamba chimene anaitanitsa sichinali mankhwala, koma maburashi 200 okwechera pansi. Anabwereka nyumba yochapiramo, nalemba akazi a asilikali kuti achape. Anakonza khitchini yophikira msuzi ndi phala la amene sanathe kutafuna nyama. Ndi ndalama zimene anthu anasonkha, ndi zake zomwe, anagula malaya, mbale, masupuni ndi matawulo, zimene nyumba ya katundu ya asilikali inalephera kutulutsa chifukwa cha kuchuluka kwa mapepala ofunika kusainidwa. Anamwino ena amene analedzera kapena kusamvera anawabweza ku England wosazengereza. Usiku, anamwino atapita kukagona, iye analikuyenda yekha m'mizere yonse ndi nyali m'dzanja, naima pa amene ali pafupi kufa; ndipo m'mawa analembera makalata amayi awo ndi akazi awo. Chifukwa cha ichi anatchuka m'dziko lonse la England monga Dona wa nyali, ndipo zithunzi zake zambiri zimuonetsa chomwecho.

Koma pano tiyenera kunena zoona, angakhale ziwawa. Nyali ija sinaletse imfa. M'nyengo yachisanu yoyambayo asilikali oposa 4,000 anafera ku Scutari, ndipo ochuluka ndithu sanafe ndi zilonda za nkhondo, koma ndi kamwazi, kolera ndi malungo a m'chipatala momwemo. M'mwezi wa February 1855, mwa odwala 100 alionse anafa 42. M'mwezi wa March Boma linatumiza madotolo awiri, John Sutherland ndi Hector Gavin, ndi mmisiri wa ngalande, Robert Rawlinson. Iwo anapeza kuti nyumba yonse inakhala pamwamba pa ngalande zotsekeka za zimbudzi, ndi kuti mphepo inalikukankhira mpweya wonunkha m'zipinda za odwala. Anapezanso kavalo wakufa ali m'njira ya madzi akumwa. Anatsuka ngalandezo, naboola mazenera, napaka njereza m'makoma, nachotsa zovunda zonse. Chisanu chinapita, chakudya ndi zovala zinayamba kufika bwino, odwala sanapanikizanenso monga kale. Ndipo pofika mwezi wa June, mwa 100 alionse anafa awiri okha.

M'mwezi wa May 1855 Dona Nightingale anaoloka kunka ku Crimea kukaona zipatala za kumeneko, ndipo anagwidwa ndi malungo oopsa, natsala pang'ono kufa. Anakana kubwerera kwawo kufikira nkhondo itatha. Anafika ku England mwezi wa August 1856 mwakachetechete, atadzitcha dzina lina paulendo, pothawa maphwando amene anthu anamkonzera. Mtima wake sunali pa ulemu, koma pa manda a ku Scutari. Mwezi wa September anakaonekera kwa Mfumukazi Victoria ku Balmoral, napempha kuti Boma lifufuze chimene chinapha asilikali. Ndipo m'chaka cha 1857 linaika bwalo lofufuza, Sidney Herbert ali pampando.

Apa ndipo masamu aja anagwira ntchito. Pamodzi ndi Dotolo William Farr, katswiri wa kuwerenga imfa za anthu, anasanthula mabuku onse a asilikali, mwezi ndi mwezi. Anapeza kuti asilikali achingelezi ngati 16,000 anafa ndi nthenda, ochuluka kwambiri koposa ophedwa ndi zipolopolo. Anapezanso china chodabwitsa, kuti ngakhale pa nthawi ya mtendere, anyamata okhala m'nyumba za asilikali ku England analikufa pafupifupi kawiri kuposa anzawo a msinkhu womwewo okhala m'midzi. Popeza akulu a Boma atopa msanga ndi mizere ya manambala, iye anajambula zithunzi zozungulira, zogawidwa m'miyezi ndi kupakidwa mitundu, kuti munthu aone ndi diso limodzi kuchepa kwa imfa za zilonda ndi kukula kwa imfa zimene zikadapeweka. Poyamba anayesa kuti nthenda idza ndi mpweya woipa. Pambuyo pake, atakula, anavomereza za tizilombo tosaoneka ndi maso. Koma ngakhale chifukwa anachiphonya, mankhwala ake anali oona: madzi abwino, ngalande zoyenda, mphepo, kuwala, ndi kusamba. Kuyambira 1857 thupi lake linafooka, nakhala zaka zambiri m'chipinda chake, ndipo ntchito yonse yotsala anaichita ali gone, ndi cholembera. Nduna za Boma ndi abwanamkubwa opita ku India analikudza kudzakhala pambali pa kama wake, mmodzimmodzi.

Anthu anali atasonkha mapaundi oposa 44,000 kumthokoza, ndipo ndi ndalamazo anatsegula sukulu ya anamwino pa chipatala cha St Thomas ku London m'chaka cha 1860. Oyamba anali akazi 15, ndipo woyang'anira wawo anali Mayi Sarah Wardroper. Anaphunzira chaka chathunthu pambali pa makama a odwala. Ndipo mwezi ndi mwezi kunalembedwa za yense, ngati asunga nthawi, ngati anena zoona, ngati ali waukhondo, ngati adziwa kumanga chilonda, kutembenuza wodwala wosatha kudzuka, ndi kupenyetsetsa kusintha kwa nthenda kuti auze dotolo zenizeni. Koma mwala wapangodya wa sukuluyo unali lamulo ili: pa za mankhwala namwino amvere dotolo, koma pa za kulembedwa ntchito, kuphunzitsidwa, kudzudzulidwa ndi kuchotsedwa, akhale pansi pa namwino wamkulu yekha, osati dotolo, kapena mbusa wa chipatala, kapena kalaliki wosunga chuma. Anaona ku Scutari chimene chichitika pamene akazi osamala odwala alamulidwa ndi anthu amene sanayalepo kama. Ophunzira ake anawatumiza m'magulu, namwino wamkulu pamodzi ndi omthandiza, kuti akayambe dongosolo lomweli kwina. M'chaka cha 1865 Agnes Jones anapita ndi anamwino 12 ku chipatala cha amphawi ku Liverpool, kumene odwala oposa 1,000 analikusamalidwa ndi amphawi anzawo. Anakonza malowo, koma anatenga malungo momwemo, namwalira m'chaka cha 1868 ali ndi zaka 35. Chaka chomwecho Lucy Osburn anafika ndi anzake ku Sydney ku Australia.

Tinene chinanso chosonyeza mtima wake. Ndi ndalama zomwezo anayambitsa sukulu ya azamba pa chipatala cha King's College. Koma m'chaka cha 1867 malungo a pambuyo pa kubala anapha akazi angapo m'chipindamo, ndipo sukuluyo inatsekedwa. Iye sanabise. Anasonkhanitsa ziwerengero za m'zipatala zambiri, nazisindikiza m'chaka cha 1871, kuonetsa kuti masiku amenewo akazi ochirira m'zipatala zodzaza analikufa koposa ochirira kunyumba, ndi kuti chipinda cha ochira chiyenera kupatulidwa ku zipinda za odwala ena.

Tsono tifike pa mkangano wa ukalamba wake, umene olemba ambiri aulumpha. Anamwino atachuluka, kunaoneka vuto lina. Mkazi aliyense anatha kuvala chovala cha namwino, nalowa m'nyumba za anthu, ngakhale sanaphunzire konse. Ndipo wochotsedwa pa chipatala china chifukwa cha nkhanza analikungopita pa china. Mayi Ethel Bedford Fenwick, amene anakhalapo namwino wamkulu wa chipatala cha St Bartholomew, anayambitsa chigwirizano cha anamwino m'chaka cha 1887. Iye anafuna kuti maphunziro akhale a zaka zitatu, mayeso akhale amodzi, ndi kuti pakhale bwalo losunga kaundula wa anamwino oona, lokhala ndi mphamvu ya kufafaniza dzina la wolakwa. Dona Nightingale anatsutsa ndi mphamvu yake yonse. Maganizo ake anali akuti mayeso ayesa mutu, koma sayesa kuleza mtima, kapena kukhulupirika kwa munthu ali yekha usiku ndi wodwala. Ndi kuti wodziwa namwino ndiye namwino wamkulu amene amuona tsiku ndi tsiku, osati buku la ku London.

Mau ake anali ndi nzeru, ndipo yense amene anagonapo m'chipatala adziwa kuti setifiketi sisambitsa wodwala. Komabe ife tiyesa kuti pano mayi wokalambayo anaphonya. Namwino wamkulu wabwino ali munthu mmodzi. Akalamba, asamuka, amwalira, ndipo womlowa m'malo angathe kukhala waulesi kapena wokondera. Mutu umodzi susenza denga. Iye mwini ndiye anaphunzitsa dziko kuti anamwino ayang'aniridwe ndi anamwino. Mayi Fenwick anangotenga chiphunzitso chomwecho, nachikuza kuchokera pa chipatala chimodzi kufikira dziko lonse.

Ndipo kaundulayo anayamba kutali ndi London. Ku Cape Colony, mwa khama la Sisitere Henrietta Stockdale wa ku Kimberley, lamulo lolembetsa anamwino linakhazikitsidwa m'chaka cha 1891, angakhale bukulo linasungidwa ndi bwalo la madotolo. M'buku limenelo munalowa m'chaka cha 1908 dzina la Cecilia Makiwane, wophunzira ku Lovedale, mkazi wakuda woyamba kulembedwa namwino m'dziko limenelo, Dona Nightingale akali moyo. Ku New Zealand lamulo linadza mu 1901. Ku England linachedwa kufikira December 1919, ndipo bwalo limene linaikidwa pamenepo linali la anthu 25, mwa iwo 16 anamwino. Nambala yoyamba m'kaundula inapatsidwa kwa Mayi Fenwick. Kwathu kuno ku Malawi bwalo la anamwino ndi azamba linakhazikitsidwa m'chaka cha 1966. Mayi Fenwick yemweyo anayambitsanso bwalo la anamwino a maiko onse mu 1899; ndipo bwalo limenelo, la mkazi amene anakangana naye, ndilo linasankha mu 1974 tsiku la kubadwa kwa Dona Nightingale, 12 May, kuti likhale tsiku la anamwino.

Zambiri za izi iye sanazione. Pofika chaka cha 1901 maso ake anachita khungu, ndipo pang'onopang'ono nzeru zake zinayamba kuzirala. M'chaka cha 1907 Mfumu Edward VII inampatsa ulemu wotchedwa Order of Merit, umene sunapatsidwepo kwa mkazi ndi kale lonse, ndipo anaupereka kwa iye ali m'chipinda chake. Anamwalira ali m'tulo pa 13 August 1910, m'nyumba yake mu South Street ku London, ali ndi zaka 90. Kunanenedwa zoti aikidwe ku Westminster Abbey, kumene agona mafumu ndi anthu omveka, koma abale ake anakana, potsata kufuna kwake kwa maliro opanda chionetsero. Asilikali asanu ndi mmodzi ananyamula bokosi lake kunka ku manda a tchalitchi cha St Margaret m'mudzi wa East Wellow, pafupi ndi Embley, namuika pamodzi ndi atate ake ndi amake. Pa mwala wa banja, mbali yake, panalembedwa zilembo ziwiri zoyamba za maina ake, ndi nthawi ya kubadwa kwake ndi ya kumwalira kwake.